Kope la a Nesi

Pali chinthu chimodzi chimene Kasingano sanauzepo munthu, ngakhale popemphera ankachilambalala. Buku la amayi ake analiwerenga. Analiwerenga lonse, masamba 64, atakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa shopu. Ndipo kope limene anawerengalo silinali lake.

N'chifukwa chake Loweruka lija, azakhali ake atalowa m'shopu atanyamula foni ngati agwira khala lamoto, iye sanadzutse mutu. Anapitiriza kusokerera mabatani pa malaya a sukulu.

"Mlamu, imitsani makinawo," anatero azakhali. "Imitsani muone izi."

Amayi anachotsa phazi pa chopondera. Anali telala, ndipo shopu yawo inali chipinda chakutsogolo kwa nyumba: makina awiri, tebulo lodulira, galasi long'aluka pakona, ndi madiresi a anthu atapachikidwa pa waya. Analandira foniyo n'kuvala magalasi. Anawerenga mzere umodzi wokha. Wachiwiri sanaufune, mawuwo anali awo.

"Zili pati izi?"

"Pa gulu la amayi a m'dera lino. Anthu oposa 80, mlamu! Ena aika kale tinkhope tolira. Mkazi wa wabutchala uja walemba kuti kuyambira lero azisoketsa kwina."

Singano inamubaya Kasingano pachala. Anayamwa magaziwo mwakachetechete.

Bukulo amayi analilemba zaka ziwiri, ndi zala ziwiri, pa laputopu yakale imene malemu bambo ake a Kasingano anasiya. Ntchito ikachepa masana, ankaitsegula pa tebulo lodulira, ndipo munthu akalowa ankaiphimba ndi nsalu. Anamaliza mwezi womwe Kasingano analemba mayeso ake otsiriza a sekondale.

"Iwe wa sukulu, tabwera," anamuitana tsiku lina. "Ndikufuna bukuli lifike kwa anthu asanu. Asanu okha. Lisamangoyenda m'mafoni ngati nyimbo yatsopano."

Kasingano anali mwana woti mlendo akalowa amasowa pobisa manja. Anali wowonda, wosalankhula, n'chifukwa chake dzina la Kasingano linamukanirira. Koma za foni ndi kompyuta ankazidziwa, ndipo tsiku limenelo analankhula mawu ambiri kuposa sabata yonse.

"Aliyense alandira linki yakeyake. Linkiyo imatseguka kawiri kokha, kuopa kuti netiweki ingadule, kenako imafa. Ndipo pansi pa tsamba lililonse palembedwa mwini wake wa kope. Wina akaliulutsa, timudziwa."

"Ee! Kusukulu sunkapitira kukagona," anatero amayi, akumwetulira.

Anamupatsa kapepala ka anthu asanuwo: azakhali, amalume, amayi awiri amene anagona nawo m'chipatala kalekale, ndi a Nesi. Kasingano anatembenuza kapepalako. Kuseri kunalibe kanthu.

"Nanga langa?"

"Lako lidzabwera ukadzabereka wako. Tiye, maso pa batani, osati pa mawu."

Anaima kumbuyo kwake mpaka malinki onse asanu atapita. Kenako anamuuza kuti afufute bukulo pa laputopu iwo akuona, ndipo fulashi imene anasungamo bukulo anaiika m'kachikwama kamene kamakhala pachifuwa pawo.

Zinamuwawa Kasingano. Amalume, amene amabwera kamodzi pa chaka, awerenge. Amayi awiri amene iye sanawaonepo, awerenge. Iye amene amagona chipinda choyandikana, amene amawatola mapini pansi, ayi. Masiku atatu anayenda nazo m'mimba, kenako anakumbukira a Nesi.

A Nesi anali mnzawo wa amayi wa pamtima. Ankagwira ntchito pa kiliniki ya m'deralo, mayi wamkulu thupi, wa phwete lomveka kumsewu. Lachinayi lililonse akaweruka ankabwera ku shopu, n'kukhala pa kampando ka pakhomo, n'kuvula nsapato, n'kuyamba kunena madiresi a anthu. Kasingano ankamutcha "mwana wanga wobwereka". Foni yawo inali yoyankhira basi. Uthenga ukabwera ankaitalikitsa kutsogolo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Wotumizayu akafuna andiimbira."

Linki imatseguka kawiri, anaganiza Kasingano. A Nesi akufunika kamodzi kokha. Sindikuba kanthu.

Lachiwiri m'mawa amayi anapita kukagula zipi ndi ulusi. Iye anatenga foni yake, momwe linki ya a Nesi inali ikadalimo, n'kupita kuseri kwa shopu.

Masamba oyamba anali a ubwana wa amayi, makina awo oyamba, mmene anakumanirana ndi bambo. Penapake anaseka yekha. Kenako anafika pa tsamba 41. Amayi analemba kuti patapita masabata atatu chibadwire mwana wawo, mutu wawo unachita mdima. Tulo tinathawa. Mwana akalira ankamva ngati wina akuwakhomera msomali m'khutu. Tsiku lina anapita naye ku sikelo, anamugoneka pa benchi atamukulunga m'thawulo lachikasu, n'kuuza mayi woyandikana naye kuti, "Ndionereni, ndikubwera." Anatuluka pa geti, anakwera basi yoyamba imene inaima, osafunsa kumene ikupita. "Sindinalire," analemba choncho. "Ndinamva kupepuka. Kupepuka kumeneko ndi kumene sindinadzikhululukirebe mpaka lero."

Masamba otsatira ankanena za nesi wina amene anazindikira thawulo lija. Sanaitane apolisi. Anabereka mwanayo kumbuyo, n'kuyenda depoti ndi depoti mpaka anawapeza amayi atakhala pa mwala, nsapato imodzi itasowa. Anawasunga onse awiri kunyumba kwake miyezi itatu, akuwaperekeza kwa dokotala mpaka mdima uja unachoka.

Kasingano anawerenga mpaka kumapeto, koma mtima wake unatsalira pa benchi paja. Anafuna munthu mmodzi yekha woti aone nawo. Anajambula tsambalo pa sikirini n'kutumiza kwa Dimpo, mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi. "Taona. Mwanayo ndine. Ufufute ukawerenga."

Dimpo anafufutadi uthengawo. Koma chithunzi chinatsalira m'foni, ndipo foniyo inali ya amayi a Dimpo, iye ankangobwereka. Timawu totuwa ta pansi pa tsamba, timene anaikitsa yekha monyada, Kasingano sanatione. Maso anali odzaza misozi.

Timawu timeneto ndi timene azakhali ankakulitsa ndi zala ziwiri Loweruka lija.

"Taonani apa, mlamu. Pansipa. Werengani nokha."

Amayi anayandikitsa foni kumaso. "Kope la a Nesi."

"Ndiye?"

"Ayi," anatero amayi. "Ayi, si iwo."

"Zalembedwa, inu mukuti ayi? Ine langa ndinawerenga nditatseka chitseko, ngakhale amuna anga sanalione. Dikirani ndiwaimbire abwere adzanene okha."

A Nesi anafika nthawi ya nkhomaliro, ali mu yunifolomu, akupuma movutikira. Sanakhale pa kampando kawo. Anaona chithunzicho, n'kugwira pakamwa.

"A Telala, ine sindinalitsegule n'komwe. Uthenga uli momwemo mmene unabwerera. Ndiwerengerenji? Ndinalipo ine. Thawulo lija ndinachapa ndine."

"Ndiye linatuluka lokha?" anatero azakhali. "Lili ndi miyendo?"

"Ine sindikudziwa za zinthu zimenezi, mukundidziwa."

"Zosavuta. Kasingano, tsegula chimakina chakocho. Si unati chimaonetsa amene watsegula?" anatero azakhali.

Kasingano anaika malaya pansi. Miyendo inamufikitsa pa tebulo iye osaituma. Anatsegula laputopu, n'kulowa pa tsamba la malinki. Zonse zinali pamenepo, mizere isanu.

"Werenga mokweza, tonse timve."

"Kope la a Nesi," anatero Kasingano, mawu ali pansi. "Latsegulidwa kamodzi. Lachiwiri, 10:14 m'mawa."

"Lachiwiri ndinali pa sikelo!" anatero a Nesi. "Ana odzaza khonde lonse, sindinamwe ndi tiyi yemwe. Foni inali m'chikwama, m'loka, kabati kokhoma kaja timasungamo katundu." Anatembenukira kwa Kasingano, nkhope yawo ikupempha. "Mwana wanga, iwe ndiye ukuzidziwa. Makinawa sangalakwitse? Sangasokoneze maina?"

 Kumsewu njinga yamoto inadutsa. Kasingano anayang'ana amayi ake. Anali atagwira sizasi ndi manja onse awiri. Anaganiza za mmene nkhope imeneyo ingamuyang'anire iye.

"Salakwitsa," anatero.

A Nesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kaya. Mwina wina kuntchito anagwira foni yanga. Ngati zili choncho, mlandu ndi wanga ndithu. Ndinaisiya poti munthu angaifikire."

"Zaka 18 munasunga pakamwa," anatero amayi, osawayang'ana. "Pa foni mwalephera sabata imodzi."

"A Telala..."

"Pitani, a Nesi. Odwala akukudikirani."

Sabata yotsatira shopu inadzaza anthu amene analibe chosoketsa. Ankabwera kudzafunsa mtengo wa siketi, maso ali pa amayi, kenako pa Kasingano. Mayi wina anabwera ndi kakhanda kudzatenga diresi lake, ndipo amayi atatambasula dzanja kuti asewere nako monga ankachitira, iye anakasunthira phewa lina. Kasingano akukagula buledi, mtsikana wa pa golosale anamufunsa akumupatsa chenji, "Ndiwe uja wa pa benchi eti? Pepa wamva." Dimpo anatumiza uthenga umodzi: "Pepa, amayi anachipeza. Ndawauza kuti sindikudziwa kumene chinachokera." 

Zimenezo akanatha kupirira. Chimene chinamupweteka kwambiri chinachitika Lolemba masana. Amayi anatseka chitseko cha shopu, zimene sankachita dzuwa lili pamutu, n'kukhala pafupi naye pa benchi.

"Wamva kwa anthu chimene ndinkafuna udzamve kwa ine," anatero. "Tsamba limodzi lokha, lopanda mutu, lopanda mchira. Ndinkadwala, mwana wanga. Sikuti sindinkakufuna. Ndinkadwala matenda amene nthawi imeneyo sindinkadziwa ndi dzina lake lomwe."

"Ndikudziwa, amayi."

"Sukudziwa. Ukanadziwa ukanawerenga lonse. Ndikupatsa, uwerenge, koma undipatse masiku pang'ono." Anamugwira dzanja, chala chawo chokhakhala ndi singano chikusisita chake. "Undikhululukire, Kasingano."

Kasingano analira, ndipo amayi anamukumbatira, akuganiza kuti akudziwa chimene akulirira.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anayamba kumusamala ngati wodwala. Ankamuthirira tiyi iwo eni, shuga masupuni atatu. Ankamuuza kuti asiye mabatani akapume. Tiyiyo ankazirala m'kapu iye osamwa. Iwo eni ake sankadya. Ankasoka mzere umodzi, n'kuupasula, n'kusokanso.

Lachinayi linafika. Nthawi yoweruka itakwana, amayi anayang'ana pakhomo kawiri, kenako ananyamuka, n'kutenga kampando kaja, n'kukaika kuchipinda, n'kuunjikapo zidutswa za nsalu.

M'mawa mwake anatsitsa mayunifolomu atatu oyera amene anali atawadula kale koma osasoka. Anawapinda bwinobwino, manja pawokha, makolala pawokha, n'kuwakulunga m'pepala.

"Kapereke. Ukanene kuti akasoketse kwina. Usakakhale pansi."

Kwa a Nesi unali ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Kasingano anayenda ola lathunthu. Anawapeza kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, zopanira zili kukamwa. Atamuona anazilavulira m'beseni.

"Mwana wanga wobwereka! Lowa, ndikuikire madzi pamoto."

"Andiuza kuti ndisakhale pansi."

"Ndiye umwa choimirira, vuto lili pati?" Anaseka, koma phwete lija silinatuluke. Anaona phukusi lija, n'kumvetsa. "Oo. Mayunifolomu."

Kasingano anavomera ndi mutu.

"Palibe kanthu. Ali ndi chifukwa chokwiyira." Anapukuta manja pa diresi. "Ine sindikugona, mwana wanga. Ndakhala ndikuwerenga anthu onse amene anafika pafupi ndi chikwama changa. Loka timagwiritsa awiri, ine ndi nesi mnzanga. Ndinamufunsa dzana. Analira mpaka maso kutupa, akuti sanagwire. Koma nanga angakhale ndani? Ndakanena kwa akuluakulu, Lolemba atiitana tonse awiri. Ali ndi ana atatu mayi ameneyo, mtima ukundipweteka, koma munthu woulutsa zinsinsi za anthu sangagwire ntchito m'chipatala."

Pepala la phukusi linayamba kunyowa m'manja mwa Kasingano.

"Zisiye zimenezo, si zako. Tandiuza, akudya?"

"Pang'ono."

"Akugona?"

"Sindikudziwa."

A Nesi anamuyandikira, n'kutsitsa mawu. "Tamvera. Ukaona akhala pa makina osaponda, akungoyang'ana khoma, kapena ayamba kunena kuti iwo ndi mtolo kwa anthu, undiimbire. Kaya ndili pa ntchito, kaya ndili kuti. Andithamangitse ndi sizasi, ndibwerabe. Wamva? Foni imeneyi kuyankha kokha ndiye ndimatha."

"Ndamva."

"Tsopano siya nsaluzo pa mpandopo, uzipita asanayambe kuda nkhawa."

Kasingano anayang'ana mpandowo.  Anakumbatira phukusilo pachifuwa, n'kutembenuka.

"Iwe! Nsalu zanga ukupita nazo kuti?"

Sanacheuke. Anatuluka pa geti, n'kuyamba kuyenda mofulumira, kenako kuthamanga, chifukwa ankadziwa kuti akayenda pang'onopang'ono afika kunyumba ali ndi bodza lina lokonzeka.

Anapeza amayi ali okha, akupinda mpendero wa diresi la buluu. Makina ankalira. Anaona phukusilo ndi ngodya ya diso, osasiya kuponda.

"Wabwera nazo bwanji? Akana?"

"Sanakane."

"Sunawapeze?"

"Ndawapeza."

"Ndiye?"

Kasingano anaika phukusi pa tebulo lodulira. Anaima pakati pa shopu, manja akusowa pokhala. Anawaika kumbuyo, anawabweza kutsogolo, kenako anangowasiya alendewere. M'galasi long'aluka anadziona yekha, wamtali, wowonda, thukuta lili pamphumi.

"A Nesi sanatsegule buku lija, amayi. Ndinatsegula ndine. Lachiwiri lija mutapita kogula zipi. Ndinawerenga lonse. Tsamba lija ndinajambula ndine, ndinatumiza kwa Dimpo."

Analankhula choyang'ana pansi, mawu akumira m'phokoso la makina. Phazi la amayi linaponda kawiri, katatu, kenako linaima. Gudumu linazungulira lokha pang'ono n'kukhala chete. Sanatembenuke. Manja awo anali pa diresi paja, mbali iyi ndi iyi ya singano.

"Makina amasokosera," anatero. "Nenanso."

Kasingano anadziwa kuti amva. Anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kumbuyo kwa khosi la amayi ake, pamene tepi yoyezera inapachikika.

"Ndinali ine, amayi," anatero, mokweza mpaka wabutchala kutsidya la msewu anasiya kudula. "Ndinaba linki ya a Nesi, ndipo atandifunsa pamaso panu ndinanama. Sanali iwo. Ndinali ine."